BAMPALA YA PEUGEOT YA KU KATULI NDI CHROME YOMWE IKUTIDYERA NDALAMA

Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa. Amene foni yatsala pang'ono kuzima ausunge adzawerenge mawa, koma asaudumphe, chifukwa nkhani yake ndi ya ndalama zathu, ndipo kwa ena a ife ndi ya moyo.

Sabata yatha ndinakwera kumudzi kwa amayi ku Katuli, kunali ukwati wa mlongo wathu. Mukudziwa ine ndimakhalira kunyanja ndi injini za maboti, kumtunda ndimangopita pakagwa zochitika. Ndiye tsiku lachiwiri tili pa siteji ya kabaza panabuka mkangano womwe mpaka lero sunandichoke pamtima. Kuseri kwa chigayo china kuli chigoba cha galimoto yakale, Peugeot 404 ya pikapu. Akuluakulu akuti inkanyamula fodya m'maesiteti a kumbali ya Namwera. Lero ilibe matayala, ilibe injini, pansi panabowoka moti udzu ukumera mkati, nkhuku zimaikiramo mazira. Koma bampala yake yakutsogolo, mwana wina ataipukuta ndi malaya, inawala mpaka tinadziona nkhope. Chapafupi pomwepo panaima njinga yamoto ya msuweni wanga, yomwe anagula ku Mandimba miyezi isanu ndi itatu yapitayo ndi ndalama zomwe akulu ake anatumiza kuchokera ku Joni. Zitsulo zotchinga miyendo zija zatuluka timadontho tofiira ngati nthomba, ekizozi yasanduka mtundu wa tiyi wopanda mkaka, pa keriyala chrome ikufundula ngati njoka.

Madala ena amene anakhala pa benchi anati, mwaona ana inu, zakale zinali ndi madalitso, azungu akale ankapanga ndi mtima, zalero ndi bodza lokhalokha. Anyamata anaseka. Msuweni wanga n'kuyankha kuti bola ikuyenda, makasitomala amakwera yowala, ikatha ndigula ina. Onse awiri anandipsetsa mtima. Madalawo sindikanawatsutsa pagulu, tinaleredwa, ndiye ndikuyankhira pano.

Ndiyambe ndi madala. Pepani bambo, pa bampala palibe madalitso. Madzulo ake ndinabwerera ku chigoba chija ndi fayilo, ndinapala pang'ono m'mphepete chakumbuyo komwe sikuoneka. Mkati ndi kunja n'chimodzimodzi, palibe chikhungu chosendeka. Bampala ya Peugeot 404, yomwe inayamba kutuluka mu 1960, komanso ya 504 yomwe inabwera mu 1968, sinakutidwe ndi chrome ayi. Ndi stainless, chitsulo chomwe chromium anamusakaniza mkati mwake momwe pochisungunula, osachepera magawo 10 ndi theka pa 100 alionse. Uchikande, uchipinde, uchidule, pamalo pomwe wavulazapo pamadzitseka pokha ndi mpweya. Ndiye chinthu chomwe mudzi wonse umalozera ana kuti taonani chrome yakale, si chrome n'komwe. Mpeni wa stainless womwe amayi amatumbulira chambo ndi m'bale wake wa bampala imeneyo.

Chrome yeniyeni inalipo pa magalimoto ena, ma Morris Minor, ma Volkswagen a kamba aja, ma Mercedes a mabwana. Tamvani mmene inkapangidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Bampala ndi chitsulo wamba, chomwe chija chimachita dzimbiri. Amayamba achipala ndi kuchisalaza mpaka chikhale ngati galasi, ndipo ntchito yaikulu ndi ndalama zambiri zimathera apa. Kenako amachiviika m'madzi a mankhwala n'kudutsitsamo magetsi kuti zitsulo zina zimamatire pamwamba. Pa ntchito yabwino amayamba ndi kopa kuti atseke timaenje, kenako nickel, pomaliza chrome. Tsono tengani milimita imodzi pa rula, muigawe ka 1000, kagawo kamodziko amati micron. Tsitsi la munthu limakhala cha m'ma 70 micron. Chrome yomwe timaifera ija pa bampala siifika ngakhale micron imodzi, nthawi zambiri imakhala kota kapena theka. Nickel wapansi pake, pa ntchito yoti ikhale panja pamvula, amakhala cha m'ma 25 mpaka 40. Werenganinso manambalawo. Chomwe chimatchinga dzimbiri ndi nickel, yemwe maso samuona. Chrome ntchito yake ndi kuti nickel asade, asasanduke wachikasu, komanso asakandike msanga. Magalimoto akale ankangoikidwa nickel yekha, eni ake n'kumapukuta tsiku ndi tsiku, chrome inadzafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Ndiye mukuona pomwe pali msampha? Wopanga akafuna kutsitsa mtengo sachotsa chrome, chifukwa chrome ndi yomwe wogula akuiona. Amachotsa kopa, amachepetsa nickel, amadumpha kusalaza. Tsiku logula, chitsulo cha nickel wokwanira ndi cha nickel wongonunkhiza zimawala mofanana ndendende. Ngakhale ine makaniko sindingasiyanitse ndi maso. Zimadzasiyana mvula ikagwa kawiri.

Mmene zimaonongekera ndi umu. Chrome ili ndi timing'alu ting'onoting'ono tosaoneka. Madzi amalowa mmenemo. Akapeza nickel wochindikala amachedwa zaka ndi zaka asanafike pa chitsulo. Akapeza wopyapyala amabowola msanga, ndipo akangofika pa chitsulo zinthu zimaipa kuposa chikanakhala chosakutidwa, chifukwa chrome ndi nickel sizidyeka msanga, ndiye kudyeka konse kumathamangira pa kabowo kamodziko ngati ng'ombe zonse zikumwera pa chithaphwi chimodzi. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe ladya, limakankha chikhungu chowalacho kuchokera pansi, pamatuluka chithuza, chithuza chimaphulika. Nthomba za pa njinga ya msuweni wanga ndi zimenezo. Ukamaziona kunja, dziwa kuti mkati ntchito inayamba kale.

Ndipo bambo, si zonse zakale zomwe zinali zabwino. Nthawi ya nkhondo ya ku Korea, kuyambira 1950 mpaka 1953, boma la America linachepetsa nickel wopita ku mafakitale a magalimoto poti ankafunika ku zida zankhondo. Makampani anapitiriza kugulitsa magalimoto owala, koma zokongoletsa zambiri zinatuluka ndi nickel wochepa kapena wopanda n'komwe, n'kupaka vanishi pamwamba kuti zipirire. Sizinapirire. Azungu omwewo, zaka zakale zomwezo, chrome inasendeka ngati ya msuweni wanga. Komanso magalimoto omwe anali ndi zitsulo zachabechabe anaola kalekale, ogula zitsulo zakutha anawanyamula, sitikuwaonanso. Tikuona okhawo omwe anapulumuka n'kumati akale onse anali otero. Zili ngati kuona agogo amodzi a zaka 90 n'kumati kale anthu sankafa.

Tsopano ndibwere kwa ife achinyamata, ndipo ndiyambe ndi ine mwini, kuti wina asati mwana wa msodzi akudzimva.

Zaka ziwiri ndi theka zapitazo ndinakonza boti la madala anga. Thabwa lakumbuyo, lomwe timamangirirapo injini, linafunika mabawuti atsopano. Ndinapita pa hadiweya ina pa Boma, dzina sinditchula. Panali mabawuti amitundu iwiri, ena otuwa, okhakhala, onyansa ngati agwera m'phulusa, ena owala bwino ndipo otsika mtengo pafupifupi ndi theka. Wogulitsa anati, tengani awa amwene, ndi a chrome, dzimbiri sawadziwa. Ine ndi sukulu yanga ya Fomu 4 ndinatenga owalawo, chenji ndinagula yuniti. Ndinamanga bwinobwino, madala anayamikira kuti boti laoneka ngati latsopano.

Patatha chaka ndi miyezi, nthawi ya mwera, akubwerera m'bandakucha ndi usipa, mafunde anamenya kumbuyo, thabwa lija linasuntha. Madzi anayamba kulowa. Munali anthu asanu ndi anayi m'botimo, mmodzi mwa iwo mng'ono wanga. Anakapa madzi ndi zidebe, ena n'kutaya nsomba kuti boti lipepuke, injini inapulumuka chifukwa cha chingwe chomwe madala samaiwala kumangira. Anafika pa doko dzuwa litakwera, manja ali zilonda. Nditazula mabawuti aja ndinakhala pansi. Mitu yake, yomwe inali kunja, inali ikuwalabe. Koma mbali yomwe inali mkati mwa thabwa lonyowa inadyeka mpaka kutsala ngati kamtengo ka machesi. Awiri anali ataduka kale. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti sanali a chrome n'komwe, anali ongopakidwa zinc wopyapyala wa magetsi, woyenera kumangira bedi m'nyumba. Otuwa onyansa aja ndi omwe anaviikidwa mu zinc wosungunuka, amene timati galvanized, ndipo ndi omwe boti linkafuna.

Madala sanandikalipire. Anatola bawuti imodzi, anandipatsa m'manja, anati usunge. Ili m'bokosi langa la masipanala mpaka pano. Usipa wa tsiku limenelo unabwerera m'nyanja, malipiro a alovi asanu ndi atatu anapita nawo limodzi, chifukwa cha chenji cha yuniti.

N'chifukwa chake mawu a msuweni wanga akuti ikatha ndigula ina anandilasa. Ugula ndi chani, aise? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Njinga yomwe wagula lero, mtengo wake chaka chamawa sudzauona. Akulu ako ku Joni akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, akuthawa apolisi, akudya buledi ndi madzi a shuga kuti iwe ukhale ndi poyambira. Njinga imeneyo ndi munda wako. Munthu samati munda ukakokoloka ndigula wina.

Wina anena kuti dzimbiri la pa keriyala silinaphepo munthu. Zoona. Koma tayang'ana mapaipi awiri akutsogolo, a mashoki. Pamenepo chrome si yokongoletsa, ndi yogwira ntchito, chifukwa paipiyo imalowa ndi kutuluka mu labala yomwe imatsekera oyilo. Pakangotuluka timadontho ta dzimbiri, m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa ngati lezala, labala imang'ambika, oyilo amayamba kutsikira pansi. Oyilo akatha shoki imangogunda, tayala lakutsogolo limadumpha m'malo mogwira msewu. Tsono utsike nayo mapiri a Chowe utanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Ukasintha labala osakonza paipi, yatsopanoyo imang'ambikanso mwezi usanathe, ndipo umati makaniko wandibera. Sanakubere. Fumbi la msewu wa ku Katuli ndi matope ofiira a dzinja zinakhala pa paipiyo miyezi iwe uli bize kupukuta thanki.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chakuti pali zomwe timaononga tokha ndi manja athu m'dzina la ukhondo. Ndimakuonani pa gombe Lamlungu lililonse, njinga mwailowetsa m'madzi mpaka m'maekiselo, mukukwecha ndi mchenga, wina ndi phulusa, wina ndi sitiliwulu wotsukira mapoto. Chrome yosafika micron imodzi mukuikwecha ndi mchenga wa nyanja! Lero iwala, inde, koma mwatsegula misewu chikwi yoti madzi alowere. Amene mumanyamula nsomba nanunso, madzi otuluka m'madengu amatsikira pa keriyala ndi pa rimu, n'kuumira pomwepo. Nyanja yathu ilibe mchere ngati ya ku Beira, tili ndi mwayi pamenepo, koma chinyezi cha kunyanja ndi thukuta la m'manja pa handulo zimakwanira. Zofunika n'zosavuta: madzi, sopo pang'ono, nsanza yofewa, kupukuta mpaka kuume, kenako kansalu kodontheza oyilo pang'ono, osayandikira mabuleki. Pakatuluka timadontho, tenga pepala la aluminiyamu lonyowetsa upukute pang'onopang'ono, ndi lofewa kuposa chrome ndiye silikanda kwambiri. Ndipo gula malabala ovundikira mapaipi a mashoki aja, mtengo wake sufika pa magetsi a buluu omwe wazunguliza njinga yonse ngati bala.

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera, ndalimva kale pa siteji. Akuti iwe makaniko ukulankhula ngati tili ndi ndalama zosankhira, wosauka amagula chomwe angathe. Apa sinditsutsa. Njinga zotsika mtengozi zadyetsa mabanja ambiri kwathu kuno kuposa ntchito ina iliyonse yomwe ndikuidziwa, zatengera amayi oyembekezera kuchipatala usiku komwe galimoto siifika. Sindikunena kuti usagule. Koma umphawi si womwe unakutuma kuti uwonjezere ndalama pa zophimba zowala, ma galasi anayi ndi zitsulo zokongoletsa zomwe sizinyamula kanthu. Umphawi si womwe unandigulitsa mabawuti aja, kusiyana kwake kunali ndalama ya yuniti. Ndipo zambiri zowala zomwe mukugula si chitsulo n'komwe. Gogodani ndi chikhadabo mumve. Ndi pulasitiki yopakidwa kunja, yofanana ndi zonyezimira za pa Sienta ndi Probox. Kuli mpaka penti ya m'chitini yolembedwa chrome, anyamata akupopera marimu a dzimbiri n'kukagulitsa njinga kwa munthu wa kumudzi ngati yatsopano. Ameneyo ndi wakuba, ngakhale tikumwa naye tiyi.

Inunso a ku Joni muli ndi mbali yanu. Mukatumiza ndalama mumafuna chithunzi, ndipo chithunzi chikapanda kuwala mumati ndalama zadyedwa. Ndiye mng'ono wanu amathamangira chowala kuti mtima wanu ukhale pansi. Funsaniko risiti ya girisi ndi oyilo nthawi zina. Ndipo poti muli komweko, dziwani ichi: mwala womwe chrome imachokera, wambiri padziko lonse uli pansi pa nthaka ya South Africa, cha ku Rustenburg ndi Steelpoort, wina uli ku Zimbabwe cha ku Shurugwi. Migodi ya maiko amenewo agogo athu ambiri anaigwira ndi misana yawo. Lero mwala wambiri umakwera sitima kupita ku China, wochuluka umakathera mu stainless, ndipo kwa ife umabwerera ngati kachikhungu kosafika micron imodzi pa chitsulo chopanda nickel. Tikamakangana za original ndi feki pa siteji tizikumbukako zimenezo.

Wina anafunsa kuti bwanji osangotsegula malo oviikira chrome kuno kwathu, tizikonzanso zathu. Ayi, chonde. Asidi yemwe amaviikiramo chrome ndi poizoni woopsa, amabowola mphuno za ogwira ntchito, amayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo akalowa m'madzi sachoka msanga. Maiko olemera omwe akulimbana naye ndi malamulo okhwima. Munthu aziviika zimenezo kuseri kwa nyumba, zotsala n'kutayira mu Shire kapena mu Malombe momwe chambo chatha kale? Bola dzimbiri.

Tayang'anani zinthu zomwe zakhalitsa pakati pathu muone ngati zimawala. Ilala anaipanga ku Scotland mu 1949, inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Thupi lake ndi chitsulo wamba ndi penti, ndipo chaisunga zaka zonsezi ndi anthu a ku Monkey Bay omwe amaikweza, kuipala, kuiwotcherera ndi kuipakanso. Land Rover zakale zija za ku mishoni ndi za boma, bampala yake inali yotuwa, ya galvanized, palibe mtsikana anadziyang'anirapo nkhope, koma pitani mukaione lero. Malata akale a pa sitolo za amwenye chimodzimodzi. Zinc amagwira ntchito mosiyana ndi chrome: pakakandika, iye ndi amene amadyeka kuti chitsulo chitsale. Pa injini ya boti, kaya ndi Yamaha 15 kaya 40, pansi pafupi ndi pulopela pali kachitsulo kotuwa kooneka ngati kachabechabe, timati anode. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa injini. Mwezi watha mwini boti wina anabwera atakapaka penti yasiliva kuti kafanane ndi zinzake, akuti kamanyansitsa injini. Kakapakidwa penti kasiya ntchito. Ndinamupalira pomwepo, sanandilipire, anachoka akung'ung'udza kuti ndamuonongera kukongola.

Ndiye ukapita kogula bawuti ya boti, funsa galvanized yotuwa ija, kapena stainless. Stainless yeniyeni pamutu pake pamalembedwa A2 kapena A4, ndipo A4 ndi yomwe imapirira madzi kwambiri. Tenga kamaginito ka mu sipika yakufa m'thumba. Bawuti ya A2 kapena A4 maginito saigwira, kapena amaigwira mofooka kwambiri. Ikakhala yowala koma maginito n'kuikakamira, ndi chitsulo wamba chovala suti, wogulitsa alumbire mmene angathere. Maginito sanena zonse, pali stainless ina yomwe imagwira, koma pa mabawuti a m'mahadiweya athuwa andipulumutsa kambiri. Ndipo mawu akuti original asiyeni. Ndawamva pa sipana yomwe inapindika pa nati yoyamba.

Msuweni wanga sakundiyankhula bwino chichokereni ku ukwati, akuti ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Aise, ngati uthengawu wakupeza, mapaipi ako akutsogolo ndinawaona, lakumanzere layamba kale kunyowa oyilo. Loweruka likubwerali ndikweranso ku Katuli kukasiya nsomba kwa amayi. Ndibwera ndi malabala awiri a mashoki, sandipepa wosalala kwambiri, maginito ndi bawuti ija ya madala. Ndidzakhala pa chigoba cha Peugeot kuseri kwa chigayo kuyambira 9 koloko. Aliyense wa kabaza abwere ndi njinga yake, kuona n'kwaulere, kukonza tidzakambirana. Mwini chigayo wandiuza kuti ogula zitsulo zakutha abwera kawiri kudzafuna chigobacho ndipo ulendo wachitatu akuganiza zowapatsa, ndiye amene sanaione bampala ija asachedwe.